Khomo Limene Linakana Amalume

Ine ndine mwana wa kwa Kabudula. Mudzi wathu uli kuseri kwa Nsaru, ulendo wa ola limodzi ndi theka pa njinga ngati mvula siinaononge mseu. Ndinacoka kumudzi ndiri mnyamata kunka ku sukulu, ndipo tsopano zaka zapitirira khumi ndiri pa nchito mu mzinda wa Lilongwe. Koma kufikira lero lino, ndikangofika kwathu, anthu amabwera ndi mafoni ao akufa m'manja, wina losweka galasi, wina logwera m'citsime, namati ndiwakonzere. Ndikati sindidziwa kukonza foni amaseka, amayesa ndikukana dala. Amai anga okha ndiwo anapeza yankho lowapumitsa. Akafunsidwa ndi anzao kucigayo amangoti, "Ndi kalaliki wa makompyuta," nkhani nkuthera pomwepo.

Nchito yanga dzina lace liri m'Cingerezi, amati senior front-end web developer. Ndiyesa kuimasulira kuno, pakuti ngakhale inu owerenga simunaione ndi maso, ambiri a inu mwakumana nayo kale m'manja mwanu, ndipo mwina inakusautsani monga inasautsira amalume anga.

Taganizani za sitolo ya pa Nsaru kapena pa Namitete. Kutsogolo kuli khomo, thebulo la wogulitsa, ndi mashelefu pamene katundu aonekera ndi mitengo yace. Kuseri kuli cipinda cosungiramo matumba ndi buku la ngongole, kumene wogula safikako. Tsamba la pa intaneti, limene mumatsegula pa foni pofuna kulembetsa mwana, kuona mitengo ya mbeu, kapena kufunsira nchito, liri comweco. Pali anzanga amene amamanga za kuseri, kumene maina ndi ziwerengero zisungidwa. Ine ndimamanga za kutsogolo: malemba amene muwerenga, mabokosi amene mulembamo dzina, ndi batani limene mudina ndi cala. Kunena mwacidule, ndine mmisiri wa makomo.

Zida zathu zazikuru ndi zitatu, ndipo zonse ndi malemba okhaokha amene timalemba pa kompyuta. Coyamba ndi HTML, imene iri ngati mitengo ndi njerwa. Imanena kuti apa pali mutu wa nkhani, apa pali cithunzi, apa pali bokosi. Caciwiri ndi CSS, imene iri ngati kuzira nyumba ndi kupaka laimu. Imanena ukulu wa malemba ndi mtundu wace. Cacitatu ndi JavaScript, imene imapatsa tsamba mphamvu ya kuyankha mukalikhudza, monga citseko citseguka mukacikankha. Luso limeneli si lakale ai. Mngerezi wina dzina lace Tim Berners-Lee ndiye anaganiza za masamba otere mu 1989 ali pa nchito ku CERN, pafupi ndi Geneva, ndipo JavaScript inabadwa mu 1995. Nkhokwe ya agogo anga imene tinagwetsa posacedwa apa, mitengo yace ina inali yakale koposa nchito yanga yonse.

Nanga mau aja akuti senior? Musaganize kuti ndiri ndi imvi. Atanthauza kuti ndine kapitao wa anyamata ndi atsikana anai amene amanga masamba pamodzi ndi ine. Ciriconse cimene iwo alemba cimapita m'maso mwanga cisanatuluke kunka kwa anthu. Ndimawerenga, ndimafunsa cifukwa cace analemba motero, ndimabweza cimene ciri cokhota, ndipo ndikabvomera ndiye kuti ndasainira. Masiku ambiri sindilemba zanga konse, ndimangokhala m'misonkhano ndi eni nchito amene atilemba ganyu, kumva zofuna zao ndi kuwauza zimene zingatheke. Cinthu cikayenda bwino, ulemu ndi wa tonse. Cikalakwika, palibe kufunsa kuti ndani analemba. Afunsa kuti ndani anabvomera.

Tsono ndinene za caka ca 2022.

Kampani yathu inalandira nchito kucokera ku bungwe lina logula mtedza ndi soya kwa alimi a kumadzulo kwa Lilongwe. Bungwelo linafuna kukongoza mbeu yabwino ku makalabu, kuti alimi adzabweze pokolola, ndipo linati m'malo mwa mapepala, mlembi wa kalabu iri yonse alembetse mamembala ace pa foni lisanathe tsiku limene linaikidwa m'mwezi wa November. Ine ndinakondwa ndithu, popeza kunali kwathu. Tinamanga tsamba lokongola zedi. Pamwamba panali cithunzi cacikuru ca munda wobiriwira, malemba anali otuwa pang'ono monga acitira makampani a kunja, ndipo munthu akadina batani panali kugudubuzika kacizindikiro kosangalatsa maso. Tinaliyesa mu ofesi yathu, pa makompyuta athu, pa mafoni athu a mtengo wapatali, pamene netiweki ithamanga ngati mphepo. Linatseguka m'kuphethira kwa diso. Eni nchito anaomba m'manja. Ine ndinasainira, ndipo tinapita ku nchito yina.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi. Madzulo, titadya, tinakhala pa khonde la amalume anga, mlongo wao wa amai, amene ndi munthu wodziwa kuwerenga ndipo anthu a kalabu yao anawasankha kukhala mlembi zaka zambiri zapitazo. Ndinawafunsa za m'munda, monga mwa mwambo. Anayamba akhala cete, kenaka anati caka cimeneco mtedza abzala wa pamsika, wosadziwika mtundu wace, cifukwa mbeu ya ngongole inawaphonya iwo ndi kalabu yonse, anthu 24.

Anandifotokozera bwinobwino, pakuti amalume nkhani saidumpha. Mlangizi anabwera nawauza za kulembetsa, nawalembera pa pepala malemba otsegulira tsamba. Iwo foni yao ndi ya mabatani, cotero anabwereka ya mwana wao wamkazi, yamakono koma yotsika mtengo ndi yong'aluka galasi. Kumudzi tsamba linakana kutseguka. Anakwera pa culu ca kuseri kwa sukulu, pamene anthu onse amaimbira foni, naima pamenepo kufikira dzuwa litawaotca. Panangotuluka theka la cithunzi ca munda, basi. M'mawa mwace anakwera njinga kunka pa Nsaru, nagula bandulo ndi ndalama za m'thumba la kalabu. Apo tsamba linatseguka, koma padzuwa malemba otuwa aja sanali kuoneka, mpaka anakapempha malo pa mthunzi wa khonde la telala. Anayamba kulemba maina kucokera m'kope lao, limodzilimodzi, ndi cala cimodzi.

Pa dzina liri lonse tsamba linafuna tsiku, mwezi ndi caka ca kubadwa. Amalume m'kope mwao munali maina, midzi ndi maekala okha. Ziphaso za unzika, zija tinalembetsa mu 2017, zinali kumudzi m'masutikesi a eni ace. Anayesa kusiya bokosilo lopanda kanthu, tsamba linatulutsa mau ofiira a Cingerezi amene iwo sanawamve. Anayamba kungopeka masiku, mtima ukuwatsutsa. Kenaka tsamba linafuna nambala ya foni ya membala ali yense, ndipo linakana nambala imodzi kulembedwa kawiri. Koma m'kalabu yonse ya anthu 24 munali mafoni asanu ndi awiri okha. Anapempha manambala a anthu odutsa. Atafika pa dzina la 14, netiweki inacoka kamphindi, kacizindikiro kaja kanagudubuzika, ndipo pobwerera tsamba linali loyera, maina onse atafafanizika. Anayambanso. Asanafike pakati bandulo inatha. Ndalama yina analibe, ndipo tsiku lotsiriza linali mawa lace, limene kunali maliro m'mudzi woyandikana, maliro oti munthu wamkuru sangawajombe.

Atatha kunena anagwedeza mutu, nati, "Amene anapanga cinthu cimene cija sanagwirepo khasu, ndipo sanaonepo mudzi. Ndikadamuona ndikadamufunsa kuti tinamulakwira ciani."

Ine ndinali nditazindikira kalekale, pa cithunzi ca munda cija, kuti akunena tsamba langa. Ndinakhala duu. Amai anali pomwepo akusenda maungu, ndipo ndinaopa kuwacititsa manyazi pamaso pa mlongo wao. Ndinangoti pepani, monga anena munthu womva tsoka la wina, ndipo ndinapita kukagona. Koma tulo sitinabwere. Ndinayamba kudzikhululukira ndekha mumtima: kuti tsiku la kubadwa anafuna ndi eni nchito, kuti netiweki si ine ndimaimanga, kuti mnyamata amene analemba bokosi la manambala ndi uje. Zonsezo zinali zoona, koma wosainira ndinali ine, mwana wobadwira m'nyumba yomweyo, amene ndinadziwa bwino lomwe za culu ca kuseri kwa sukulu popeza inenso ndimaimbira pomwepo ndikabwera.

M'mawa ndinawatsata kumunda. Anali kupalira mtedza uja, umene unamera mwa apo ndi apo. Ndinatenga khasu la mai a kunyumba kwao ndi kuyamba mzere wa pambali pao, ndipo titafika kumapeto ndinati, "Malume, munthu munamufuna dzulo uja ndine."

Anaimika khasu nandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anati, "Iwe mwana wa mlongo wanga, sukulu yonse ija unapita, sanakuphunzitse kufunsa? Safunsa anadya phula, koma apa phula tadya ndife." Ndinati ndiwagulira mbeu yabwino ndi ndalama zanga. Anakana. Anati nyengo yobzala yapita kale, ndiponso iwo sangalandire okha pamene anzao 23 amene anawakhulupirira alibe; anthu angati mlembi anadzikonzera njira ya kuseri. Ndipo anawerama napitiriza kupalira. Mau amenewo anandipweteka koposa kukalipa.

Cimene cinandicititsa manyazi koposa nditabwerera ku Lilongwe ndi ici, kuti phunziro limeneli silinali lacilendo m'dziko muno, ndipo lina linacokera m'boma lathu lomwe lino. Ali yense wa nchito yathu amene aiwerenga mbiri yace adziwa za cipatala ca St Gabriel ca pa Namitete, cimene masisitere a ku Luxembourg anayamba mu 1959. Mu 2008 kunabwera mnyamata wa ku America, Josh Nesbit, amene anali kuphunzira pa yunivesite ya Stanford. Anaona kuti anthu odzipereka othandiza odwala m'midzi anali kuyenda mitunda yaitali, pansi kapena pa njinga, kungodzapereka uthenga ku cipatala. Iye sanawamangire cinthu conyezimira. Anabweretsa mafoni a mabatani ogwiritsidwa kale nchito okwana 100, kompyuta imodzi ya m'manja, ndi pulogalamu yochedwa FrontlineSMS imene anapanga Ken Banks, yongotumiza ndi kulandira mauthenga afupiafupi olemba. Uthenga wotere umadutsa ngakhale pamene netiweki iri yofooka. M'miyezi isanu ndi umodzi, anchito a cipatala anapulumutsa maola a ulendo pafupifupi 2,000, ndipo ciwerengero ca odwala cifuwa cacikuru amene anatha kuwasamalira cinawirikiza kawiri. Kucokera pa Namitete pomwepo panabadwa bungwe limene linachedwa Medic Mobile, lero lingochedwa Medic, ndipo zida zace zigwira nchito m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia.

Ngakhale kale Nesbit asanabwere, mu 2001, Gerry Douglas ndi anzace amene anayamba bungwe la Baobab Health anaika makina olembera odwala pa cipatala cacikuru ca Lilongwe, cimene lero ndi Kamuzu Central. Iwo anaona kuti anchito ambiri sanazolowere kutaipa, cotero anapanga galasi longokhudza ndi cala, la mabatani akuruakuru, lofunsa funso limodzi pa nthawi imodzi, ndi kamakina kosindikiza kapepala komata m'buku la wodwala. Ambiri a inu muli nako kapepala kotere m'buku lanu la ku cipatala. Anthu onsewa anayamba ndi kuyang'ana dzanja la munthu amene adzagwira cinthuco. Ine nkhani zimenezi ndinali kuzidziwa, ndinali kuzisimba kwa anyamata anga monyadira kuti zinacitika kwathu, koma pa tsiku la nchito yanga ndinayang'ana nkhope za eni ndalama.

Caka cotsatira bungwe lija linabweranso kuti tikonzere tsamba nyengo yatsopano. Linali ndi dandaulo lace, lakuti makalabu a pafupi ndi mseu wa tara wa ku Mchinji, monga a ca ku Mpingu ndi Namitete, analembetsa ambiri, koma a m'kati anali ocepa. Ndipo ena m'bungwemo anali kunena kuti alimi a kumeneko alibe cidwi. Pamenepo ndinaima mu msonkhano ndi kunena nkhani ya amalume yonse, osabisa kuti wolakwa ndine. Ndinapempha cinthu cimodzi, kuti asatipatse nchitoyo ngati salola kuti tiyambe tapita kumudzi.

Tinapita atatu, ine ndi mtsikana mmodzi ndi mnyamata uja wa bokosi la manambala, amene anabadwira mu mzinda ndipo anali asanagonepo m'nyumba ya udzu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi alembi a makalabu asanu. Lamulo ndinaika limodzi: tipereke foni kwa mlembi, ife manja kumbuyo, pakamwa cete, tingoyang'ana. Abale anga, palibe cinthu cobvuta kwa mmisiri koposa kuona munthu akusocera pa khomo limene iwe unamanga, osaloledwa kumulozera. Mnyamata uja thukuta linali kamukamu. Mai wina wa ca ku Nambuma, amene anakwatiwa kwathu, anadina batani kasanu osalipeza bwino, cifukwa cala ca munthu wolima ndi cacikuru ndi colimba khungu, ndipo batani lathu linali laling'ono ngati njere ya nyemba. Bambo wina atafika pa bokosi la ukulu wa munda anaima, popeza tinalemba mahekitala pamene anthu onse amawerenga maekala.

Zimene tinasintha sizinali za nzeru zakuya ai, ndipo ndico cimene cimandiwawa. Coyamba tinayeza kulemera kwa tsamba. Tsamba liri lonse liri ndi kulemera kwace, kumene timawerenga m'ma MB, ndipo bandulo imene mugula iri ngati ndowa ya madzi: tsamba lolemera limamwa kwambiri. Tsamba wamba la masiku ano limapitirira 2 MB. Lathu, ndi cithunzi ca munda cija ndi zogudubuzika zace, linali kupitirira 5 MB. Tinacotsa cithunzi, tinacotsa zokometsera zonse, tinataya JavaScript yambiri imene tinangotengera kwa ena osaifuna kwenikweni, mpaka tsamba linapepuka koposa kakhumi kawiri. Tinalikonza kuti dzina liri lonse likalembedwa lisungike m'foni momwemo, kuti netiweki ikacoka kanthu kasatayike, ndipo ikabwera maina apite okha. Mlembi angathe kutsegula tsamba kamodzi pa culu, nakalemba maina onse ali khale pa khonde pace. Malemba tinawadetsa bii pa malo oyera, mabatani tinawakuza kuti cala ca mai uja cikwanepo, ndipo tinaika funso limodzi pa nthawi imodzi monga anacitira a Baobab. Nambala imodzi ya foni tinailola kuimira anthu ambiri. Pomariza, mlembi alandira uthenga waufupi wonena ciwerengero ca maina amene afika, kuti akhale ndi umboni woonetsa anzace.

Za tsiku la kubadwa ndinafunsa eni nchito kuti amalifuniranji. Anayang'anana. Wina anati linali pa pepala lakale, wina anati mwina a ku likulu amalifuna. Titafufuza tinapeza kuti cimene anafuna kudziwa ndi cakuti mlimiyo ndi wamkuru, ndiponso ngati ali wacinyamata kapena ai. Tsono funso limene linaimitsa amalume pa khonde la telala, nkuwacititsa kunama, panalibe munthu amene analifuna. Tinalisandutsa mabatani atatu a misinkhu.

Kumasulira m'Cicewa kunatitengera masiku ambiri koposa mmene tinayesera. Mau athu ndi atali. Pamene Mngerezi alemba zilembo zinai ife tilemba khumi, ndipo mau amasefukira kunja kwa batani. Koma bvuto lalikuru linali la ulemu. Mtsikana uja poyamba analemba kuti "Walakwitsa, lembanso," monga mphunzitsi auza mwana wa Sitandade 2. Amalume atawerenga anafunsa kuti kodi makinawa anabadwa liti kuti aziwatcula iwo kuti iwe. Tinasintha, ndipo tsopano tsamba limati, "Pepani, nambala iyi yaperewera. Taonaninso." Limanenanso cimene caperewera, osangofiira cabe. Ine ndimakhulupirira kuti tsamba limene liuza munthu kuti walakwa, osamuuza polakwapo, ndi lamwano, ngakhale likhale lokongola motani.

Panali mkangano umodzi umene sindinapambane kwathunthu. Akuruakuru a bungwe anafuna cizindikiro cao ndi ca amene amawapatsa ndalama zikhale pamwamba, zazikuru, za mitundumitundu. Ndinawauza kuti cizindikiro ciri conse cimadya bandulo ya mlimi, ndiye kuti mlimi ndiye alipira kuti aone dzina lao. Sanakondwe nao mau amenewo. Tinagwirizana kuti zikhale zazing'ono, pansi peni peni, ndipo zitseguke pambuyo pa zonse. Nchito ya kapitao yambiri ndi yotere, kukana mwaulemu kwa munthu amene akulipira, ndipo si masiku onse pamene ndimalimba mtima.

Popeza ndayamba kale kuulula za nchito yathu, ndikuuzeni cina cimene muyenera kucidziwa. Luso lomweli la kumanga makomo, akuba nalonso ali nalo. Ine ndingathe kumanga tsiku limodzi tsamba looneka ndendende ngati la banki kapena la boma, ndi mitundu yace yomwe, ndipo wakuba angathe cimodzimodzi. Cotero kukongola kwa tsamba si umboni wakuti ndi loona. Uthenga ukabwera wakuti mwapata mphatso kapena mwasankhidwa kulandira feteleza, dinani apa, yambani mwafunsa mlangizi kapena a komiti ya m'mudzi. Ndipo nambala yanu yacinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba musailembe pa tsamba limene wina wakutumizirani, kapena kuiuza munthu woimba foni, ngakhale alankhule mwaulemu wotani. Tsamba lolembetsa mbeu liribe nayo nchito nambala imeneyo.

Makolo ena amandifunsa ngati ana ao angalowe nchito yotere. Angathe ndithu. Maphunziro a makompyuta alipo ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Mzuzu, ndi ku MUST ku Thyolo. Ndipo ambiri amene ndigwira nao nchito zambiri anaphunzira okha usiku, pa kompyuta yobwereka. Masamu ndi Cingerezi zifunika, koma koposa zonse kupirira, pakuti kadontho kamodzi kosowa m'malemba kangakugoneke ndi njala tsiku lonse ukukafunafuna. Musayese kuti ndi nchito ya bwana yopanda thukuta. Msana umapweteka, maso amatopa, magetsi akazima nchito imaima pamene mwini wace ali kudikira, ndipo zida zimasintha kawirikawiri kotero kuti cimene unacidziwa bwino zaka zisanu zapitazo lero ana akuseka naco. Kompyuta nayo igulidwa ndi ndalama za kunja. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iri yonse mu November 2023, anyamata ambiri ofuna kuyamba anabwerera pa khomo la sitolo. Koma mwana wa kumudzi asadziyese wocepa. Ine pofunsa anthu ofuna nchito tsopano ndimafunsanso ngati anayamba aimapo pa culu kufuna netiweki.

Mbeu ya 2022 siinabwerere. Mtedza wa pamsika uja unabala pang'ono, ndipo mabanja ena a m'kalabu anagulitsa mbuzi kuti alipire sukulu ya ana. Palibe cimene ndinakonza pa kompyuta cimene cinabweza mbuzi zimenezo, ndipo pali mai mmodzi wa m'kalabumo amene mpaka lero amandiyankha moni mwa mau awiri okha. Sindimuimba mlandu.

Mu October 2023 amalume analembetsa kalabu yonse ali pa khonde pao, m'mawa umodzi, tiyi asanazizire kwenikweni monga anenera iwo, ngakhale ndikudziwa kuti apo anaonjezera. Foni yong'aluka ija ndinaigula kwa mwana wao, ndinampatsa yatsopano, ndipo iri pa thebulo langa mu ofesi. Anyamata amaitcha foni ya amalume. Tsamba liri lonse, ngakhale la banki kapena la kampani ya kunja, sindisainira lisanatseguke pa foni imeneyo, netiweki titaicepetsa dala kufikira ifanane ndi ya pa culu, titaturuka nayo panja padzuwa.

Sabata yatha amalume anandiimbira. Sanayambe ndi kuyamika. Anati tsamba lija lifunsa maekala a munda wa munthu, koma anthu atatu a m'kalabu caka cino alima minda yobwereka, ndipo wina alima pa munda wa mkazi wace kucikamwini. Tsono alembe ziti, popeza safuna kunamanso? Ndinawauza kuti ayambe adikira kufikira Lacitatu. Ndinalemba funso lao pa kapepala, ndipo Lolemba m'mawa ndinalipereka kwa mnyamata uja wa mu mzinda. Iye anawerenga kawiri, nandifunsa kuti cikamwini nciani.